Sitepe ya Ada Longwe

Tazimitsani kaye kafoniko, ana inu. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikukuonani, wina wagwira foni, wina akugwedeza mapewa, kenako nonse n'kuthamangira kukaona ngati mwatuluka bwino. Iwe Tadala, kuvina kwako kwa dzanja limodzi ngati ukupha udzudzu kuja, nakonso amati gule? Musaseke. Khalani pansi apa ndikuuzeni za gule amene anatsala pang'ono kundimanitsa agogo anu aakazi. Zikadatero, bwenzi pano palibe Tadala, palibe Yamikani, ndipo foniyo bwenzi ikuvinitsa ana a eni.

Agogo anuwo ali apo akusenda chinangwa ngati sakumva. Akumva zonse. Ndikalakwitsa penapake muwamva akutsokomola.

Ine ndinabadwira ku Dedza, kumapiri, m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Magule kwathu analipo ambiri, koma bambo anga ng'oma ikangolira m'mudzi ankatseka chitseko n'kutsegula buku la nyimbo. Ndinakula ndikudziwa kuimba besi, pomwe miyendo yanga inkangodziwa ziwiri, kuyenda ndi kugwada. Nditamaliza kosi ya uphunzitsi, zaka za m'ma sevente zija, kalata inabwera yoti ndikayambe ntchito pasukulu ya pulayimale kufupi ndi Chintheche. Masiku amenewo boma likati pita, unkapita basi. Wofunsa chifukwa ankakafunsidwa iyeyo, ndipo ankakafunsidwira kutali.

Inu lero mumakwera minibasi m'mawa, madzulo muli ku Lilongwe mukudandaula msana. Ine ndinakwera basi mpaka ku Chipoka, n'kulowa m'sitima ya panyanja, malo a pansi, pakati pa matumba a chimanga ndi nkhuku za eni. Masiku awiri ndinasanza zonse zimene mayi anga anandidyetsa chibadwire. Ku Nkhata Bay ndinatsika ndili mbuu, n'kukwera pamwamba pa lole. Chuma changa chonse chinali thiranki ya chitsulo, pulayimasi, nyale ya galasi ndi wezulo watsopano amene ndinkamunyadira kwambiri.

Tsiku loyamba anandipatsa kondowole, nsima ya chinangwa. Ndinapotola nthongo, nthongo n'kukakamira chala. Nditameza inatsika monyinyirika ngati ikuganiza zobwerera. Ndiwo zake zinali nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Ndinalembera mayi anga kuti mwana wanu kuno akudya ulimbo ndi udzudzu. Koma onani lero, ndikadya ya chimanga masiku atatu otsatizana ndimayamba kuwonda.

Ahedi athu anali a Mhone, munthu wamfupi, wa kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, wokonda kuseka. Atandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anati, "A Kachingwe, inu ndinu mnyamata, magazi akadali otentha. Mutenga Sitandade 3, mutenganso magule. Mu Julaye, pa chikondwerero cha ufulu, sukulu iliyonse ivina pamaso pa akuluakulu a chipani. Chaka chatha tinachita manyazi."

"Ahedi, ine kuvina sinditha."

"Mawu amenewo mwandiuza ine ndekha, ndipo ndawaiwala kale. M'dziko muno aliyense amatha kuvina."

Ndiye ndinayamba monga anandiphunzitsira ku koleji. Ana sikisite, mizere inayi pansi pa mtengo wa mango, ine kutsogolo wezulo ali pakamwa. Lefuti, raiti, lefuti, raiti. Manja m'chiuno. Tembenukani. Anawo Chichewa ankangochimva mwa apo ndi apo, ine Chitonga ndinkangodziwa moni wa "yewu", ndiye wezulo ndi amene ankayankhula. Mwezi wathunthu ndinaliza mpaka milomo kutupa, koma ana anali gwaa ngati mitengo ya mpanda. Ndinafika pouza a Mhone kuti ana a kuno alibe mafupa ovinira. Iwo anaseka mpaka kukhala pansi.

Anandiphunzitsa ndi malungo. Tsiku lina thupi litawawa, nthawi yopuma ndinangokhala pakhonde la kalasi mutu uli m'manja. Kuseri ndinamva chitini chikulira. Nditasuzumira ndinapeza ana anga omwe aja, mitengo ya mpanda ija, ali gule wadzaoneni. Atsikana ankasinja chinangwa mumtondo wosaoneka, chiuno chikutsatira munsi. Anyamata ankakoka khoka, akubwerera chammbuyo phazi ndi phazi, onse pamodzi. Wina ankayenda ngati a Mhone, manja kumbuyo, mimba patsogolo, koma phazi lililonse likugwera pa kulira kwa chitini. Ndinachita manyazi, ana inu. Mwezi wonse uja ndinkaphunzitsa nsomba kusambira, chikhalirecho ndazitulutsa m'madzi.

Wezulo ndinamuponya m'thiranki. Ndinaika lamulo limodzi lokha: Lachisanu lililonse, aliyense abwere ndi sitepe yakeyake. Ndinawauza kuti pitani mukayang'ane. Kaoneni mmene amayi anu amafinyira chinangwa choviika, mmene bakha amayendera, mmene abambo a ku esiteti ya labala amachekera mtengo n'kuwerama kuona kachikho. Chimene mwaonacho mubwere nacho m'thupi, osati pakamwa.

Lachisanu linasanduka tsiku losajomba munthu. Ngakhale wodwala chimfine ankabwera mamina ali chuchuchu. Ntchito yanga inali yosankha, kulumikiza sitepe iyi ndi iyo, ndi kuwerengera. Ndinaphunziranso tinthu tina tomwe mulibe m'mabuku. Mwana wamanyazi usamuike kutsogolo kapena kumbuyo, umuike pakati pa olimba mtima awiri, miyendo yake idzawatsatira yokha. Sitepe ya mwana usaiseke iye mwini asanaseke. Ndipo wovuta kwambiri m'kalasi umupatse chitini aziimba, manja akatanganidwa pakamwa pamakhala chete. Ameneyu ndikumuyang'ana ndi Yamikani.

Tsopano tifike pa agogo anu. Ndinawapeza mukwaya ku tchalitchi, iwo alito, ine besi. Dzina lawo Esitere, koma aliyense ankati Nyalongwe. Ankayenda ngati msewu anawakonzera iwo okha. Mwamva chifuwa chija? Chabwino, ankayenda bwinobwino ngati anthu ena onse.

Mayi awo, Ama Nyamanda, anali mzimayi wathupi, woseka mokweza. Tikakumana panjira ankandigwira dzanja osalisiya mpaka nkhani ithe, akundiphunzitsa Chitonga n'kumandiseka ndikachipotoza. Sindinkachoka popanda phava la nthochi. Koma bambo awo, Ada Longwe, anali nkhani ina. Anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito m'hotela, n'kubwerako ndi masuti atatu, Chingerezi chakuthwa ndi ndevu za pamlomo zosongoka uku ndi uku. A Mhone atandipitira kukafunsira mbeta, Ada Longwe anangoti, "Tamva. Mchewa, wa kumapiri. Tiyankha malipenga akatha." Apa n'kuti kudakali miyezi itatu.

Malipenga inu mumangowaona pa TV, amuna khumi akuvinira alendo. Kale sizinali choncho. Mudzi uliwonse waukulu unali ndi gulu lake, ankalitcha boma, lokhala ndi kingi wake, kapiteni wake, ngakhale dokotala woyendera zikhadabo ndi makolala a ovina. Ankavala zoyera mbee, malaya, kabudula, masokosi, nsapato zopaka choko. Malipengawo anali a zikho zazitali, kumapeto atamata kansalu ka kangaude, ukaimbiramo mawu ankatuluka ngati njuchi zakwiya. Mu Ogasiti magulu ankaitanizana kukapikisana. Ada Longwe anali kapiteni wa boma la mbali yathu, ndiye wopeka masitepe. Adani awo a zaka ndi zaka anali boma la kutsidya la mtsinje. Ndipo ana a m'kalasi mwanga, theka anali a kuno, theka a kutsidya.

Pali chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa kunyanja ankachidziwa, ine ndekha osachidziwa. Sitepe yatsopano ya boma ndi chinsinsi. Amuna ankakaiphunzirira kutali, kuminda ya chinangwa, popanda ng'oma, kuti akutsidya adzaione koyamba tsiku la mpikisano, zowabwezera palibe.

Lachisanu lina inakwana nthawi ya Tamala, mng'ono wa agogo anu, yemweyu mumati agogo a ku Mzuzu. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kaonde, kachete. Kanalowa pakati, n'kutambasula dzanja lamanzere m'mwamba ngati kanyamula thireyi yodzaza makapu. Kanaponda katatu kutsogolo, n'kuima mwendo umodzi uli m'malere, n'kuzungulira thupi lonse pa chidendene, kenako n'kutsika mpaka bondo kukhudza pansi, thireyi ija osapendekeka ngakhale pang'ono. Anzake anangoyang'anizana. Ine tsitsi linandiimirira.

"Tamala, waiona kuti imeneyi?"

"Kumunda, asambizi."

Asambizi ndiye aphunzitsi m'Chitonga. Ndikadafunsa funso limodzi lokha, loti munda wa yani, ndikadadziwa kuti mwanayo ankatumidwa kukapereka madzi kwa bambo ake ndi amuna a gulu lawo. Koma safunsa anadya phula. Ndinangoti imeneyi ndiyo yotsekera pa tsiku lathu, n'kuiphunzitsa kwa ana onse sikisite. Ndinawauzanso kuti asakaivine kunyumba, tikadabwitse anthu. Anamvera.

Tsiku linafika. Bwalo la ku Chintheche linadzaza, amayi atavala nsalu za chipani, akuluakulu pamipando pansi pa chisakasa, anyamata a chipani akuyendayenda kuona amene manja ake ali m'thumba. Sukulu zina zinavina zomwe zija za chaka ndi chaka. Ife tinalowa ndi kusinja, kukoka khoka ndi bakha, anthu n'kuyamba kuseka ndi kululutira, aliyense akudziona yekha mwa mwana wake. Potsiriza manja sikisite anakwera m'mwamba ndi mathireyi osaoneka. Atazungulira n'kugwada onse nthawi imodzi, bwalo linaphulika. Tcheyamani wa chipani anaimirira. A Mhone anandikumbatira m'chiuno, poti m'pomwe ankafika.

Ine maso anga ankafuna munthu mmodzi. Ndinamupeza. Ada Longwe ankaomba m'manja, chifukwa tsiku ngati limenelo munthu sukanalekeza, koma ankaomba pang'onopang'ono, nkhope ili ngati ya pamaliro. Cha kumbuyo, amuna a kutsidya anali atakwera pamabenchi, akumwetulira, mapazi awo akuyeserera kale. Ine n'kumati mumtima, taonani, ngakhale akuluakulu aikonda.

M'mawa mwake a Mhone anandiitanira mu ofesi, ndipo koyamba ndinawaona osaseka.

"A Kachingwe, sukulu mwaiombola. Koma inuyo mwadzikola nokha. Sitepe ija ndi ya Ada Longwe, ya mu Ogasiti. Mwaipereka kwa akutsidya pambale, ndi supuni yomwe."

Ndinafunsa ngati Ada Longwe anenapo kanthu.

"Atumiza mawu. Akuti munthu wotola chinthu m'munda mwanga n'kukachimwaza pabwalo, ndikamupatsa mwana wanga akamumwaza kuti?"

Lamulungu lotsatira agogo anu anaimba alito yawo osacheuka ngakhale kamodzi. Potuluka anandiponyera kapepala m'chipewa. Munali mawu awiri okha, "Konzani zimenezi." Mwamvatu kutsokomolako. Akuti anali atatu, panali "msanga" kumapeto. N'zoona, analipo, ndipo anali atamudula mzere kunsi.

Tinapita ndi a Mhone, ine nditakwapatira tambala. Tinawapeza Ada Longwe pakhonde akusita kabudula woyera ndi simbi ya makala. Anatisiya tikhale pansi mpaka mwendo umodzi wa kabudula utatha.

"Nkhukuyi ndi ya chiyani?"

"Yopepesera, Ada."

"Imavina?"

A Mhone anayang'ana kudenga. Ine ndinati mlandu ndi wanga ndekha, Tamala asakhudzidwe, ndine amene sindinafunse.

"Mwana ndathana naye kale," anatero. "Ndipo ndinene zoona, amaivina bwino kuposa amuna anga onse. Chimenechonso chikundiwawa." Anaika simbi pamwala. "Asambizi, zaka folotini ndanyamula thireyi ku Joni. Ana ang'onoang'ono a azungu ankanditcha boyi, imvi zili m'mutu. Masuti amene ndinabwera nawo akutha. Ndinati thireyi imeneyi ndidzainyamule kamodzi kwathu, pabwalo, anthu akundiombera m'manja. Inu mwapatsa akutsidya kuti akanyamule ndi iwo."

Apa m'pamene ndinamva kulemera kwa chimene ndinachita. Poyamba ndinkangoopa kutaya mkazi, tsopano ndinamva chisoni chenicheni. Pakamwa panga panatuluka mawu ndisanawaganize. "Ada, ndikubweretserani ina."

Anayang'ana miyendo yanga nthawi yaitali.

"Ndi imeneyi?"

"Ndi ya ana."

"Kwatsala masabata anayi. Amuna anga amafuna awiri kuti aphunzire. Tambala wanuyo mutenge, angadye chimanga changa."

Lolemba ndinaimirira kutsogolo kwa kalasi, Chitonga changa chothyokathyoka, n'kuwauza zonse. Aphunzitsi a nthawi imeneyo sankapepesa kwa ana, koma ine ndinalibe kolowera. Vuto linali loti theka la oti andithandize anali ana a adani. Ndinaganiza zowatulutsa panja, koma mtima unakana. Ndi amene anandiphunzitsa ntchito, ndikanawathamangitsa bwanji?

Anakweza dzanja Fanuwelo, mnyamata wa kutsidya, woimba chitini wathu, mutu wa zipolowe zonse za Sitandade 3.

"Asambizi, ada ŵangu akuivina kale ija. Amagwa pozungulira paja." Anzake anaseka. "Nanga akakukanizani Nyalongwe, mubwerera kwanu?"

"Mwina ndipempha kusamuka."

"Ndiye Lachisanu kubwera wina wa lefuti raiti?"

"Mwina."

Anayang'anizana onse. Kenako Fanuwelo anati, "Ife akutsidya sitikanena." Musaganize kuti ankandikonda kwambiri. Ankateteza Lachisanu lawo.

Sabata yathunthu tinayesa. Anabweretsa ya ng'ona, ya msodzi wopha usipa ndi nyale, ya mayi wothamangitsa mbuzi. Zinali zabwino kwa ana, koma ukaziika pafupi ndi ya thireyi zinkaoneka ngati masanje. Masiku ankatha, ine kondowole osatsikanso.

Lachitatu la sabata yachiwiri ndinabwerako msanga kopuma, n'kumva chiphokoso cha kuseka m'kalasi. Nditalowa onse anauma, Fanuwelo ali pakati mwendo uli m'mwamba. Ndinati apitirize. Anakana. Ndinati ndikufuna kuona. Tamala anatenga chitini n'kuyamba kuimba mwamantha.

Fanuwelo anakweza phazi lamanja mosamala kwambiri n'kuliponda kutsogolo. Phazilo linayamba kuthawa. Miyendo inatang'adza, manja akupalasa mphepo, thupi n'kupendekera kumanja, kumanzere, kumbuyo mpaka kutsala pang'ono kugwa chagada. Kenako mwadzidzidzi anadziwongola, n'kukonza tayi yosaoneka, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati palibe chachitika.

Ndinaizindikira tayiyo. Miyezi iwiri mmbuyomo mlatho wa mitengo utakokoloka, ndinayesa kukwera bwato kwa nthawi yoyamba, ana onse akuonerera pagombe. Kuyambira tsiku limenelo anali akundivina kuseri, ine osadziwa.

Makutu anatentha. Dzanja linapita lokha ku ndodo imene inali patebulo. Koma khutu langa linali litamva kanthu. Kupendekera konse kuja, kumanja, kumanzere, kumbuyo, kunkagwera ndendende pa chitini. Ndinabweza dzanja.

"Bwerezani. Nonse, pamzere. Pokonza tayi muzichedwa pang'ono."

Loweruka ndinatenga ana khumi, asanu a kuno, asanu a kutsidya, kupita nawo kumunda wa Ada Longwe. Ataona a kutsidyawo nsidze zinakwera. Ana anavina. Iwo sanaseke, ngakhale ndevu imodzi ndinaiona ikunjenjemera.

"Munthu ameneyu ndi ndani?"

"Ndine, Ada."

"Mukudziwa kuti gombe lonse, kuyambira ku Bandawe mpaka ku Tukombo, lidziwa kuti ndinu?"

"Ndikudziwa."

"Mphunzitsi wa boma. Wa tayi."

"Eya, Ada."

"Ana atsale. Inu pitani."

Sanati inde, sanati ayi. Masabata awiri otsatira anali aatali kuposa ulendo wa pasitima uja. Tsiku lililonse ndinkayembekeza kumva kuti akutsidya aidziwa. Bambo ake a Fanuwelo ananunkhiza kuti kusukulu kukuphikidwa kanthu, n'kumunyengerera mwana ndi mutu wa kampango, chakudya cha akulu okhaokha. Fanuwelo anadya mutu wonse, n'kuyamwa ndi mafupa omwe, kenako n'kuwavinira ya bakha. Ana makumi atatu a kutsidya, ena a zaka zisanu ndi zitatu, anasunga pakamwa masabata awiri. Inu chinsinsi cha switi simutha kuchisunga mpaka pageti.

Tsiku la mpikisano dzuwa linaswa mtengo. Akutsidya ndiwo anayamba, ndipo monga tinkayembekezera, anatsekera ndi ya thireyi. Awiri anadzandira pozungulira, koma anthu analulutira ndithu. Ada Longwe anaima poteropo atagwira ndodo yawo ya ukapiteni, akuonerera zaka zawo folotini zikuvinidwa ndi anthu ena. Sindinathe kuwayang'ana kawiri.

Kenako linalowa boma lathu, amuna makumi anayi oyera mbee, malipenga akulira. Anavina zakale, zaukhondo, anthu n'kumaomba m'manja mwaulemu chabe. Ena anayamba kubwerera kumene kunali akutsidya. Ndiye ng'oma yaikulu inasintha. Mapazi makumi anayi anakwera mosamala kwambiri, n'kuponda kutsogolo, n'kuyamba kuthawa. Amuna akuluakulu, ena madikoni a mpingo, anapendekera kumanja onse pamodzi, kumanzere, kumbuyo mpaka amayi kukuwa poganiza kuti mzere wonse ukugwa. Anadziwongola nthawi imodzi. Ndipo patsogolo penipeni Ada Longwe, nkhope ili gwa, anachedwa pang'ono, n'kukonza tayi.

Kenako mayi wina kumbuyo anakuwa, "Asambizi!"

Ana inu, sindinamvepo kuseka ngati kumene kuja. Anthu ankagwirana, ena kukhala pansi m'fumbi. Zala zonse zinaloza ine. Ngakhale akutsidya anasiya ng'oma zawo kubwera kudzaona, ndipo m'malipenga gulu lako likathawira kwa mnzako ndiye kuti wagonja, sipafunikanso woweruza. Anaibwereza kanayi. Ine ndinaima pomwepo thukuta lili kamukamu, n'kuvula chipewa, poti nanga ndikanatani. Cha uko ndinaona agogo anu atadziphimba kumaso ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero amati ankalira chifukwa cha chisoni.

Koma yankho silinabwere. Potuluka m'bwalo Ada Longwe anandidutsa pafupi ngati apa ndi apo, akuguba, osandiponyera ndi diso lomwe. Lamulungu linadutsa, Lolemba linadutsa. A Mhone ankangoti dikirani. Kulikonse kumene ndinkapita, ana ndi akulu omwe ankakonza tayi yosaoneka. Ndinayamba kuganiza kuti ndadzisandutsa choseketsa cha gombe lonse pachabe.

Lachitatu masana ndikuchokera kusukulu, ndinalowa kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa. Kutsogolo ndinaona Ama Nyamanda akubwera, dengu lili pamutu. Mtima unatsika pang'ono, ndinati awa okha ndiye andiuza zoona. Ndinakonzeratu dzanja ndi moni wanga wa Chitonga.

Atangondiona anaima. Anatula dengu, n'kupatuka msangamsanga kulowa m'chinangwa, mayi wathupi lonse lija, mitengo ikuthyoka. Atafika mkati anagwada atandifulatira, nsalu atakokera kumaso.

Ndinaima pakati panjira dzanja lili m'malere. Poyamba ndinati basi, ngakhale awa andida. Kenako mutu unatseguka. Mwambo umenewu ndi kwathu ku Dedza komwe ulipo. Mayi sathawa mphunzitsi, sathawa mlendo. Amathawa mkamwini wake.

Ndinalumphira m'chinangwa cha mbali inayo, mabuku n'kumwazika, n'kugwada nanenso nditafulatira. Tinapatsana moni chomwecho, njira ili pakati, aliyense akuyankhula ndi mitengo yake.

"Mwe uli, ada?" Mawu awo ankanjenjemera ndi kuseka kobisa.

"Nde umampha, Ama," ndinayankha, misozi ikugwera pa tayi.

Kuchokera tsiku limenelo mpaka pamene tinawaika m'manda, dzanja lawo sindinaligwirenso, nkhope yawo sindinaiyang'anenso pafupi. Anthu andilandirapo bwino m'malo ambiri pa moyo wanga, ana inu, koma palibe anandikondweretsa ngati mayi amene uja pondithawa.